Mabanzi a ku Xi'an aja ndakalawa

Zikomo nonse amene munandiyankha. Paja ndinafunsa ngati munthu wosadya nkhumba ngati ine angadye baozi, mabanzi oika nyama m'kati amene amagulitsa motchipa kuseri kwa hositelo yathu kuno ku Xi'an, m'dziko la China.

Ndinatsatira mawu a achimwene amene anati ndiyambe ndayang'ana chikwangwani cholembedwa qingzhen, kutanthauza halaal. Pakalesitilanti ka kuseri kwa hositelo kaja palibe, ndipo amayi ogulitsawo anandiuza mosabisa kuti nyama yawo ndi ya nkhumba. Ndinayenda pang'ono mpaka ndinapeza kena ka chikwangwani chobiriwira, ka Asilamu a mtundu wa Hui.

Abale, baozi si mandasi ayi. Samakazinga, amaphika ndi nthunzi m'timadengu ta nsungwi tosanjikizana, ndiye amatuluka oyera, ofewa ngati thonje. Ndinagula atatu a ng'ombe pa 2 yuan limodzi. Loyambalo ndinaluma mwadyera, msuzi wotentha n'kundiwotcha lilime, wina n'kudonthera pamalaya. Muziyamba mwaboola pang'ono. Kuviika mu viniga wakuda wothira tsabola ndiye kumakometsa zedi.

Achemwali amene munatchula roujiamo, munalondola. Mkate wake amawotcha mpaka kukhambika, kenako amaung'amba n'kuthiramo nyama yoduladula. Ndiwokwererapo mtengo, koma umodzi wokha unandisunga mpaka madzulo.

Kwa amene mukubwera kumene, gwirani mawu atatu awa: niurou ndi ng'ombe, yangrou nkhosa, zhurou nkhumba. Mukangomva rou pakokha, kutanthauza nyama, nthawi zambiri ndi nkhumba. Ndipo muzilawirira m'mawa mabanziwo akadali otentha.