Ndithandizeni kusankha mapulogalamu aulere osamalira kompyuta

Anzanga odziwa za makompyuta, ndigawireniko nzeru. Kompyuta yathu ya pakhomo ili ndi Windows 10, RAM (memory yogwirira ntchito) ya 4GB ndi hard disk yozungulira ija, osati SSD (disk yamakono yothamanga). Masiku ano ikuchedwa kuyaka, ndipo ndikatsegula Chrome ndi Word nthawi imodzi imayamba yaima kaye.

Pano ndimadalira Disk Cleanup (yochotsa mafayilo osafunika) ndi Microsoft Defender (yoteteza ku mavairasi) zomwe zimabwera kale mu Windows. Kodi n'zokwanira, kapena ndiwonjezere pulogalamu ina yotsuka kompyuta monga BleachBit kaya CCleaner? Chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi nkhani yotsuka registry, momwe Windows imasungamo ma settings ake. Ena amati ukaitsuka makina amathamanga, ena amati ungawononge zinthu, ndipo Microsoft salimbikitsa mapulogalamu otero. Alipo mwa inu amene anaonadi kusintha?

Malwarebytes yaulere ndikudziwa kuti imasaka mavairasi ukaiuza basi, silondera nthawi zonse. Kodi kukhala nayo pamodzi ndi Defender sikungalemetse makina a RAM yochepa chonchi?

Chinanso, chithandizo chomwe Microsoft inkapereka pa Windows 10 chinatha pa 14 Okutobala 2025, ndipo makinawa alibe chip yachitetezo ya TPM 2.0 yomwe Windows 11 imafuna. Kodi ndingosiya Windows n'kusamukira ku Linux Mint, operating system ina yaulere? Muli zithunzi za banja ndi ntchito za ana za kusukulu, ndiye chonde mundiuzenso pulogalamu yodalirika yozikopera pa hard disk yakunja ndisanakhudze chilichonse.