Sepitiki pafupi ndi chitsime ku Salima: tithandizane nzeru amisiri

Bilidala wa ku Salima:
Akuluakulu, ndapeza ntchito yomanga sepitiki, thanki yolandira zonyansa za kuchimbudzi, panyumba ina cha ku Senga Bay. Papulotipo pali chitsime chokumba pamanja chomwe banja lonse limamwa, ndiye pamene bwana aloza kuti tikumbe ndi mamita 12 okha kuchoka pachitsimecho. Dothi lake ndi mchenga wokhawokha. Bwana akuti ndalama yogulira mapaipi ambiri alibe, tingokumba pomwepo. Mtima wanga ukukana. Munene zoti ndikawauze.

Pulambala wa ku Area 25:
Achimwene, musayambe n'komwe. Mtunda womwe a zaumoyo amanena ndi mamita 30 kuchoka pachitsime, ndipo chimbudzi kapena soakaway (dzenje la miyala lolandira madzi ochoka muthanki) zikhale kumunsi, chitsime kumtunda. Mumchenga ngati umenewo mamita 30 ndi ongoyambira.

Mmisiri wamkulu wa ku Nkhotakota:
Ana anga, musasakanize zinthu ziwiri. Thanki yokhayo, mukaimanga bwino, siyotulutsa madzi. Pansi konkire, makoma pulasitala wa simenti wokwanira mkati monse, zipinda ziwiri, choyambacho chikhale chachikulu kawiri kuposa chachiwiri kuti zolimba zizikhazikika. Mukamaliza mudzazemo madzi, mulembe chizindikiro pakhoma, mudzaone m'mawa mwake. Akatsika, pali pothawira, bwerezani pulasitala. Choopsa ndi soakaway, chifukwa ntchito yake ndiyo kumwaza madzi onyansa m'dothi. Ndiye funso langa nali: madzi m'chitsimemo amafika pati mu February? Musayeze lero kukuwala dzuwa lino. Kunyanja kuno mu October chitsime chimaoneka chakuya, mvula ikagwa mumatunga mutangowerama.

Bilidala wa ku Salima:
Madala, ndafunsa amayi a pakhomopo. Akuti nthawi ya dzinja chingwe cha chidebe chimafika pamadzi asanatambasule mikono iwiri. Ndere zobiriwira pakhoma la chitsime zikuonetsanso chimodzimodzi, zathera pafupifupi mamita awiri kuchoka pamwamba.

Mmisiri wamkulu wa ku Nkhotakota:
Basitu, dzenje lakuya lija la miyala liiwaleni. Pansi pa dzenje pamayenera kutsala dothi louma mita imodzi ndi theka musanafike pamadzi a pansi, chifukwa dothi limenelo ndi lomwe limasefa. Inu mukakumba mamita awiri mwathira zonyansa m'madzi omwe ana akumwa. Kumbani ngalande zazitali koma zosaya, muyale miyala, paipi yoboola pamwamba pake, kenaka mukwirire. Zipite kumapeto kwa puloti, kumunsi.

Mlangizi wa zaumoyo wa ku Dedza:
Ndilowererepo ngakhale sindigwira chipande cha simenti. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja anavutika kwambiri. Ife tinkayenda khomo ndi khomo ndi kolorini, tikuona zitsime zopanda chivindikiro chimbudzi chili poteropo. Chonde achimwene, musanakumbe pitani kuchipatala chaching'ono chapafupi mukatenge mlangizi wa deralo adzaone malowo. Mawu omwewo akanena iye, bwana amva msanga kusiyana n'kuti anene mmisiri yemwe akumuganizira kuti akufuna kukweza mtengo. Muyang'anenso kuseri kwa mpanda. Mutha kuthawa chitsime cha bwana n'kukathira pa cha aneba.

Pulambala wa ku Area 25:
Zoona mayi. Za aneba ndi zomwe timaiwala ambirife.

Wokumba mijigo wa ku Mchinji:
Ngati puloti ndi yaing'ono moti mamita 30 sakukwana mbali iliyonse, chimodzi chigonje. Mwina chitsimecho chitsale chothirira maluwa ndi kuchapira, akumwa azikatunga kumjigo. Akafuna mjigo wawo, adziwe kuti pamafunika chilolezo cha National Water Resources Authority, bungwe lomwe linabwera ndi lamulo la madzi la 2013, ndipo wokumbayo akhale wolembetsedwa. Chitsime chikatsala chakumwa, chimangidwe njerwa mkati, chitsekedwe pamwamba, pakhale konkire yozungulira ndi kangalande kochotsa madzi otayika. Madziwo akayezetse, ku ofesi ya za madzi paboma akawalangiza kotengera. Kuyera kwa madzi m'kapu sikunena kanthu.

Bilidala wa ku Salima:
Ndayeza ndi tepi. Kuchoka pachitsime kufika pangodya ya kumunsi pali mamita 34, ndipo kuseri kwake ndi munda wa chinangwa, kulibe chitsime. Mapaipi awonjezeka ndithu, koma ndawerengetsa kuti ndalama ya dzenje lakuya ndi silabu yake ibweza gawo lina. Mlangizi wavomera kubwera Lachinayi. Madala, kutsetsereka kwa paipi ndiike kotani pamtunda umenewu?

Mmisiri wamkulu wa ku Nkhotakota:
Yochoka m'nyumba kupita muthanki itsike mita imodzi pa mamita 40 alionse, chifukwa imanyamula zolimba. Yochoka muthanki imanyamula madzi okha, itsike pang'ono chabe, apo ayi mukafika kumapetoko muli kale m'madzi a pansi. Thankiyo musaimize kwambiri, ikhale yotukuka, ndipo mutumize chithunzi cha levulo musanakwirire.