Katuni ya ndakatulo ija ya The Prophet, ndiionetsenso kapena ndingoisiya?

Mphwake_waChitakale

Moni nonse pano. Ndithandizeni maganizo abale. Loweruka lapitali kwathu kuno ku Chitakale kunabwera achibale ochokera ku Limbuli pa zokonzekera chinkhoswe cha mlongo wanga, ndiye madzulo titadya ndinati ndiwayikireko kenakake pa TV poti magetsi analiko. Mu fulashi munali katuni ija ya The Prophet ya 2014, yomwe anaitenga mu buku la ndakatulo la Kahlil Gibran. Ana atangoona kuti ndi katuni anadzaza pamphasa. Poyamba zinali bho, kamtsikana kaja Almitra kakusokoneza pamsika anthu akukathamangitsa, ana kuseka mpaka misozi. Koma Mustafa, mlakatuli wa mu filimuyo, atangoyamba kulakatula zojambula nkusinthiratu, ena anagona ena anatuluka kukasewera panja mdima uli bii.

Anatsala ndi akuluakulu, ine ndikumasulira mopunduka momwemo, ndipo apa mpamene zinavuta. Pa ndakatulo ya ukwati paja amanena zoti okwatirana azisiyirana kampata, asamwere kapu imodzi, aime motalikirana ngati mizati ya kachisi. Ankhoswe anangoti aaa zimitsa zimenezo, ife tabwera kudzamanga banja iwe ukutiyikira zopasula. Kenako pa ya ana, yonena kuti ana amene wabereka si ako, amalume anawomba m'manja akuti eya munthuyu ndi wanzeru, ana si abambo, ana ndi a mbumba! Alamu anga akamwini anangoyang'ana pansi kkkk. Ndinayesa kufotokoza kuti sakutanthauza zimenezo koma ndani angatsutse mwinimbumba pakhomo pake.

Tsono a gulu la achinyamata kutchalitchi kwathu andipempha kuti ndibweretse filimu mwezi wamawa. Imeneyi ndipite nayo? Kodi ndi ya ana kapena ya akulu, chifukwa ine zandisokoneza.

Aphunzitsi_aThyolo

Achimwene, amalume anuwo andiseketsa, koma musawadelere, ndiye kuti amamvetsera. Ndakatuloyo imati makolo ali ngati uta, ana ndi mivi, mwana amadzera mwa iwe koma moyo wake ndi wake. Ndiye amalumenso sawapatsa anawo ayi, imawalanda onse awiri, bambo ndi malume yemwe. Mukadamasulira mpaka pamenepo m'manja muja sakadawomba.

Zoti ana anagona musadabwe. Vuto ndi mmene filimuyo anaisokera. Bukulo linatuluka mu 1923 ku New York, muli ndakatulo 26, ndipo mulibe nkhani yeniyeni. Ndi munthu chabe dzina lake Almustafa amene wakhala zaka 12 mu mzinda wa Orphalese kudikira sitima yomutengera kwawo, tsiku lonyamuka anthu akumufunsa za chikondi, ntchito, imfa, iye nkumayankha. Almitra mu bukumo ndi mayi wamkulu woona zam'tsogolo, osati kamwana kosayankhula kaja. Zoti Mustafa ali pa ukaidi wa pakhomo zaka 7, za asilikali, za mayi ake a mwanayo, zonsezo anawonjezera ndi wotsogolera filimuyi Roger Allers, yemwe uja anatsogolera nawo The Lion King. Ndakatulo anangotengapo 8, iliyonse nkupatsa wojambula wakewake. Nchifukwa chake ukamaonera zimakhala ngati chitenje chosokedwa ndi zigamba zosiyana, pena zoseketsa ana pena za anthu oti adutsa m'zambiri, ndipo aliyense amatopa pa gawo la mnzake.

Ine ndinawaonetsa a Fomu 3 koma mwa zidutswa. Ndakatulo imodzi, kuimitsa, kukambirana, basi. Ya chikondi ija yojambulidwa ndi Tomm Moore atsikana anapempha kuibwereza katatu, anyamata akunamizira kuti sizikuwakhudza koma maso ali pomwepo.

NaMulanje_weniweni

Ine ndilankhuleko za ndakatulo ya ntchito chifukwa imeneyo inandikhala pamtima mwa mtundu wina. Zojambula zake nzokongola zedi, mayi wina dzina lake Joan Gratz amachita kupaka dongo la mitundumitundu ndi zala, chithunzi chikusungunuka nkusanduka china, munda kusanduka nsalu, manja kusanduka nyumba. Ndinkaonera pa foni mayi anga ali pambali akusenda nandolo ndiye anandifunsa kuti akuti chani ameneyo. Ndinawauza kuti akuti ntchito uzigwira mwachikondi ngati kuti chimene ukupangacho akagwiritsa ntchito ndi wokondedwa wako, ndipo ngati sungathe kutero bola ukakhale pa chipata cha kachisi uzipemphetsa.

Mayi anga athyola tiyi pa esiteti kuyambira ine ndisanabadwe. Kudzuka nkhuku zisanatsike, mtanga kumsana, dzinja mvula ili pamutu masamba achuluka, nthawi ya chiperoni zala zitauma ndi kuzizira, kenako kukaima pamzere wa sikelo kapitawo akuwerenga makilo. Anasiya kusenda nkundiyang'ana, akuti ameneyo anathyolapo tiyi? Ndinasowa choyankha. Akuti tiyi amene ndimathyola ine amamwa ndi anthu akunja oti sindidzawaona, ndiye ndimukonde ndani pamenepo.

Koma patapita kanthawi anayambanso okha, akuti komatu pa kamunda kanga ka chinanazi kaja ndi zoona, ndikamapalira ndimaona nkhope za adzukulu anga. Ndiye kwa iwo ndakatuloyo ndi yoona theka, imagwira pamunda wako, pa ganyu ya wina imaterera. Ine mpaka lero ndimaona kuti mayi anga anaimva bwino kuposa ine amene ndinapita kusukulu. Achimwene mukakaionetsa kutchalitchiko dziwani kuti ambiri mwa achinyamatawo makolo awo ali mu tiyi, musakangoti ameni ameni, asiyeni akatsutse.

Wavidiyo_paLuchenza

Kkkkk aise ine ndili ndi vidiyo sho ndikuuzeni zoona, imeneyo kwanga singayende olo ulele. Anthu amafuna zomenyana zomasulira m'Chichewa zija, womasulira akuponyamo nthabwala zake, Mtchaina akutchula Bangwe ndi Ndirande. Ndakatulo uponyamo nthabwala yanji? Ndinaiyesa kamodzi masana ndinauza anyamata kuti mawu a Mustafa ndi a Liam Neeson, iwo aja akumudziwa ku filimu yomenyana ya Taken ndiye anakhala chete kudikira kuti ayamba liti kuthyola anthu makosi. Munthu akungoyenda kupita kudoko akulankhula za kudya ndi kumwa. Kumapeto akumuuza kuti asaine kukana zolemba zake, iye kukana, asilikali nkumuimika kuti amuombere, osabweza olo chibakera chimodzi. Anandiuza kuti ndibweze ndalama zawo ndipo ena ndinawabwezeradi.

Agogo_aBvumbwe

Ana inu, mathero amene anyamata a pa Luchenza anakwiya nawowo ndi amene anandigwira ine. Mdzukulu wanga anandionetsa chaka chatha. Inu mukuona ngati ndi nthano kuti boma lingaope munthu wolemba ndakatulo. Jack Mapanje anamangidwa mu 1987 nkukakhala ku Mikuyu ku Zomba mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu, munthu wophunzitsa pa Chancellor College, chida chake cholembera basi. Ife tinalipo masiku amenewo, dzina lake timatchula monong'ona. Ndiye pamene mkulu wa asilikali uja amayika pepala patebulo kuti saina upite kwanu, ine thupi linachita tsemwe, ndinaiwala kuti ndikuonera zojambula.

Za ukwatizo ankhoswe anafulumira kupsa mtima. Ine ndakhala m'banja zaka zoposa 40 pa chikamwini, ndipo chimene chatisunga ndi chakuti mayi akunyumba ali ndi nkhokwe yawo ya maganizo ine yanga. Mitengo iwiri ukaibzala mothinana umodzi umafa ndi mthunzi, aliyense wolima amadziwa.

Mphwake_waChitakale

Zikomo nonse, agogo mwandipatsa poyambira, za Mapanje sindinaziganizire nkomwe. Ndapanga chonchi, yonse sindionetsa. Nditenga ya ntchito, ya ana ndi mathero aja, ya ukwati ndiisiya kaye mpaka chinkhoswe chidutse chifukwa ankhoswe aja amapemphera konko. Aphunzitsi ngati muli ndi Chichewa chabwino cha ndakatulo ya ana ija nditumizireni ku inbox, changa chija ndi chimene chinapatsa amalume mphamvu. Achemwali a ku Mulanje, mayi anuwo sangabwere kodi? Thiransipoti ndilipira ine.