Thandizeni nzeru, ku weyahausi kwathu ku Kanengo zinthu zikuchedwa

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndimayang'anira zolandira ndi kutumiza katundu pa weyahausi ina ku Kanengo, timasunga shuga, sopo, mchere ndi mafuta ophikira. Vuto geti ndi limodzi, ndiye thilaki yochokera ku Blantyre ikafika 7 koloko m'mawa nthawi yomweyonso ma kanta a makasitomala a ku Area 25 ndi Mchesi afika kudzanyamula, mzere mpaka kumsewu, madalaivala kumangoliza mahutala. Fokolifiti ndi imodzi, anyamata aganyu akusenza matumba a 50kg pamutu, ine delivery note m'manja ndikuwerenga, wina akangondiyitana basi ndasokoneza ndiyambirenso. Sabata yatha tinapeza makatoni a mafuta akalekale atabisika kuseri kwa atsopano, FIFO (yoti katundu woyamba kulowa ndiye ayambe kutuluka) ili papepala chabe kkk. Sitoko timalemba m'buku kenako madzulo mu Excel, manambala sagwirizana, abwana amayang'ana ine.

Inu amene muli pa ntchito zoterezi, mumagawa bwanji nthawi, kulandira m'mawa kutumiza masana, makasitomala amavomera? Nanga zosikana barcode pa foni zija zimathandizadi kapena ndi kungotaya ndalama?