Kodi mavuto amaphunzitsadi munthu kapena timangodzitonthoza?

Mlongo wa ku Dedza:
Abale ndithandizeni maganizo. Sabata yatha ndinapita kumudzi kukaona mayi anga, ali ndi zaka 78 pano, miyendo ikuwavuta, BP nayo ili pompo, maso ayamba kuchita chimbuuzi. Mayi amenewa anaika ana atatu m'manda pakati pa 1998 ndi 2003, nthawi ija matenda ankangotola anthu ma ARV asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004, nkulera okha zidzukulu zisanu bambo atatisiya. Nde ine ndafika ndikudandaula za mtengo wa feteleza, fizi ya ana, lendi, iwo angoseka nkumati iwe mwanawe tadzuka, tadya, uziyamika. Kunena zoona ndinapsa mtima pang'ono, mumtimamu ndimati akuyamika chani kwenikweni munthu anaona zonsezija? Kodi munthu ukamakula umafikadi poyamika kuchokera pansi pamtima kapena ndi kutopa chabe, kuti basi ndagonja? Ine ndili ndi 46 koma sindikuona nzeru iliyonse ikubwera, ndikungoona imvi ndi ngongole.

Agogo a pa Ntcheu:
Mwanangu, ndikulemba pa foni ya mdzukulu wanga nde mundikhululukire zolakwika. Ine ndinapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito ya ku migodi, ndili mnyamata. Mu 1974 ndege inagwa ku Francistown itanyamula anzathu obwerera kwawo, a Kamuzu nkuletsa zopita ku migodi, ndipo mmodzi mwa omwe anathera momwemo tinkagona naye chipinda chimodzi pa komponi, anali atagula wailesi ndi bulangete zoti akapatse mayi ake. Ine ndinabwera bwinobwino ndi njinga yanga. Zaka zambiri sindinkaganizako nkomwe, ndinkangodandaula kuti ndalama zatha msanga, mowa, akazi, zonse ndinachita. Kuyamika kunabwera mochedwa, nditayamba kuwerenga anzanga a msinkhu wanga nkupeza kuti zala za dzanja limodzi zikukwana. Mayi anuwo sanagonje ayi. Inu mukadzuka mumawerenga zomwe zikusowa, iwo amawerenga amene atsala. Zidzukulu zisanu zija zili moyo eti? Ndi zimenezo akuona akamati tadya.

Wa ku Joni:
Agogo pepani ndi ulemu wonse koma ine ndikutsutsako. Mavuto saphunzitsa aliyense, ena amawaphwanya basi. Njala ya 2002 ndinali Fomu 2 ku Kasungu, tinadya gaga, tinadya zitsa za nthochi, anthu ankagona pamzere masiku awiri kudikira chimanga nkubwerera chimanjamanja, ogwidwa akuba mondokwa m'munda ankamenyedwa ngati njoka. Malume anga anataya mwana chaka chimenecho ndipo mpaka lero ndi munthu wouma mtima, nkhokwe amaika loko, ngakhale mphwake apemphe mbale imodzi ya ufa samupatsa. Nzeru yake ili pati pamenepo? Komanso mawu akuti uziyamika amenewa amatipweteka Amalawife, chimanga cha m'nkhokwe za boma chinagulitsidwa njala ili pakhomo koma ife tinkangoti ndi chifuniro cha Mulungu. Kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tinangoti bola moyo. Bola moyo mpaka liti?

NaBanda wa ku Chilobwe:
Achimwene a ku Joni mwanena zoona mbali ina, ine sindingauze munthu woferedwa kuti ayamike, ndi mwano umenewo. Koma ndikuuzeni zanga. Namondwe Freddy atabwera mu Malichi 2023 matope anatsika kuphiri la Soche usiku, nyumba yanga inapita ndi zonse, mashini osokera omwe ndinkadyera, masatifiketi a ana, mbale, chilichonse. Tinakakhala pa kampu m'kalasi ya sukulu, azimayi okhaokha thoo. Miyezi yoyamba ndinali wolusa, munthu akandiuza kuti Mulungu ali ndi cholinga ndinkafuna kumuthira mbama. Paja mvula ikakuona litsiro siikata, mwamuna wanga naye ntchito inatha chaka chomwecho.

Chomwe chinandisintha si ulaliki ayi. Pa kampupo panali gogo wina wa ku Mulanje, anataya mwana ndi zidzukulu ziwiri m'matope momwemo, thupi limodzi silinapezeke nkomwe. Usiku ankalira, tonse tinkamumva. Koma m'mawa ndi iyeyo ankayamba kudzuka kukoleza moto, nkumagawa phala kuyambira ana a eni, ndipo tsiku lina anandipatsa chitenje chake chimodzi mwa ziwiri zomwe anali nazo chifukwa anaona kuti changa chang'ambika kumbuyo. Sananene chilichonse chanzeru, anangoti vala mwanawe pali azibambo panjapa. Chitenje chimenecho ndikadali nacho. Nde ine ndimaona kuti kulira ndi kuyamika zimakhala mumtima umodzi, ndipo kuyamika sikutanthauza kutseka pakamwa, ine ndemwe ndimakhala patsogolo kukafunsa za malo omwe anatilonjeza. Malume anuwo mwina nthawi ya njala palibe amene anawagawira kanthu, kaya.

Wa ku Joni:
Mayi NaBanda mwandigwira pamenepo. Zoonadi malume anayenda makomo onse a abale mwana akudwala, palibe anawatsegulira. Sindinaganizepo choncho. Koma za bola moyo zokhazo sindikusintha maganizo.

Mlongo wa ku Dedza:
Zikomo nonse, agogo mwandiliza. Dzulo ndinawaimbira mayi pa foni ya aneba ndikuwafunsa kuti kodi ana anu aja munawaiwala? Anakhala chete nthawi yaitali mpaka ndimayesa mayunitsi atha, kenako anati tsiku lililonse ndikamaphika ndimatapa ufa wa anthu ambiri nkubweza wina m'lichero. Kenako anayamba kunditchulira azimayi a mvano omwe ankabwera kudzawalimira chaka chomwe anaika achemwali anga omaliza, mmodzimmodzi ndi mayina awo, ena anamwalira kalekale ine sindikuwakumbuka nkomwe. Atamaliza anandifunsa ngati ndawagulira mafuta opaka miyendo aja, nditati ayi ndalama yavuta anati ubwere nawo pa Khirisimasi, ndipo usaiwale shuga.