Kodi chimbale choyamba cha Ramones n'choyenera mapaundi 150?

Mphwanu wa ku Leeds: Akuluakulu, ndapeza munthu amene akugulitsa mbale ya galamafoni ya chimbale choyamba cha Ramones, gulu loimba la ku New York, ndipo akunenetsa kuti ndi imodzi mwa zoyambirira zimene kampani ya Sire inatulutsa mu April 1976. Akufuna mapaundi 150. Kodi ndigule?

Nachisale: Musandikumbutse, achimwene. Chaka chatha ndinalipira mapaundi 80 kwa wogulitsa wina pa intaneti, koma mbale itafika ndinapeza kuti ndi yosindikizidwa posachedwapa, komanso yokandikakandika moti singano inkalumpha pa nyimbo yachitatu. Mpaka lero munthuyo sayankha mauthenga anga.

Bambo a Chikondi: Nyimbo zake ndi 14 ndipo zonse zimatha m'mphindi 29, nsima isanapse n'komwe. Eni akewo anajambula chimbale chonse ndi madola pafupifupi 6,400, ndiye inu mulipire ndalama zonsezo pa mbale imodzi?

Gogo Wagitala: Ana inu simukudziwa chimene mukunyoza. Yanga ndinagula ku New York komweko pa madola 300, ndipo ndinakaima pa msewu wa Bowery pamene panali CBGB, malo oimbirako nyimbo amene anyamata a ku Queens amenewa anayamba kutchukira mu 1974. N'zoona kuti chimbalechi chinangofika pa nambala 111 pa Billboard, mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri ku America, koma anyamatawa atakaimba ku Roundhouse ku London pa 4 July 1976, achinyamata a ku Britain anaona ndi maso awo kuti munthu angathe kukwera pa nsanja ndi jinzi yong'ambika m'mawondo, osadziwa gitala kwenikweni, n'kugwedeza holo yonse. Mapaundi 150 ndi mtengo wotsika.

Nachisale: Agogo, palibe amene wafunsa za ulendo wanu wa ku New York.

Che Jafali: Ine malaya okhala ndi chiwombankhanga chija cha pa chizindikiro cha gululi, chimene anajambula Arturo Vega, ndinawatola pa kaunjika, ndipo nyimbo ndimamvera pa YouTube. Komanso oimba a gululi anatha: Joey anamwalira mu 2001, Dee Dee mu 2002, Johnny mu 2004 ndipo Tommy mu 2014. Ndalama yanuyo ipita m'thumba la wogulitsa basi.

Bambo a Chikondi: Yosindikizidwanso ndinaiona pa mapaundi 25, ndipo phokoso lake ndi lomwelo.

Gogo Wagitala: Si lomwelo ayi.

Mphwanu wa ku Leeds: Wogulitsa uja wangondilembera kuti pali wina amene akuifuna, ndipo mtengo tsopano ndi mapaundi 170.

Nachisale: Wanga uja ananenanso chimodzimodzi.