Kappa yathu ikukana kukwera

Wa ku Zomba: Akuluakulu, ndathedwa nzeru. Tinajambula mawu a ana a Sitandade 6 akuwerengera ma fraction uku akulankhula zomwe akuganiza. Ine ndi mnzanga tikuika mawuwo m'magulu, ma code, atatu: kufotokoza, kungobwereza funso, ndi kudzikayikira. Kappa, nambala yoonetsa mmene awirife tikugwirizanirana poika ma code, ikungokhala pansi pa 0.5, chonsecho codebook, buku lofotokoza code iliyonse, tailembanso kawiri. Tikulakwitsa pati?

Wa ku Mzuzu: Codebook isiyeni kaye. Mawu a mwanawo akuwadula m'zidutswa ndani?

Wa ku Zomba: Aliyense payekha. Ine ndimadula pomwe mwana wapumira, mnzanga pomwe ganizo lathera.

Wa ku Mzuzu: Pagona nkhani ndi pamenepo, achemwali. Mwana akati "ndichulukitsa pansipa ndi 2... ayi kaya... pamwambanso pasinthe," inu mwapeza zidutswa zitatu, mnzanu chimodzi. Ndiye mukufananitsa chiyani? Kappa ya Cohen, ija ya 1960, imafuna anthu awiri oweruza zidutswa zomwezomwezo. Michelene Chi, mu pepala lake la 1997 mu Journal of the Learning Sciences, anaika kudula ngati gawo palokha, ma code asanayambe. Gwirizanani kadulidwe, chidutswa chilichonse pa mzere wake mu Excel ndi nambala yake, kenako aliyense akaike ma code kwayekha osaonerana. Ine ndikadadula ndi ganizo. Ana ena amapuma chifukwa cha manyazi a chojambulira basi.

Wa ku Lilongwe: Ndiwonjezereko. Mukuika ma code pa Chichewa kapena mwamasulira kale m'Chingerezi?

Wa ku Zomba: Tinamasulira. Supervisor sadziwa Chichewa.

Wa ku Lilongwe: Aaa, mayi, bwererani ku Chichewa. Ndinapsa nazo izi. Womasulira wanga ankataya "eti?" ndi "kaya" poyesa kuti n'zinyalala, pomwe kudzikayikira kwa mwana kumabisala m'timawu timeneto. Supervisor mumumasulire zitsanzo zokha. Chinanso, onani ngati code imodzi yachulukitsa. Zidutswa zambiri zikakhala "kubwereza funso," mutha kumagwirizana kwambiri koma kappa n'kukhalabe yotsika, chifukwa imachotsa kugwirizana kongochitika mwamwayi.

Wa ku Mzuzu: Zoona. Ndipo 0.61 ya Landis ndi Koch ya 1977, kappa yomwe iwo anati ndi poyambira kugwirizana kwakukulu, musaitenge ngati lamulo la boma. Mu lipoti muonetse kappa, peresenti ya kugwirizana, ndi tebulo la pomwe munasiyana.

Wa ku Zomba: Zikomo kwambiri. Mawa tidula limodzi ma transcript awiri a Chichewa. Nanga mwana akasakaniza, "ndi-simplify kaye," tizisiya momwemo?

Wa ku Lilongwe: Momwemo. Musamukonzere mwana chilankhulo.